Madamu a suweji a pasukulu akuthira mu kamtsinje kathu, ndi mmene zimayenera kukhalira?

Nachisale_wakumudzi

Moni nonse. Ndili ndi funso kwa amene mukudziwa za suweji kapena munagwirako ntchito ya zamadzi. Kwathu ndi m'boma la Zomba, chakumunsi kuno kolowera ku Chilwa, ndipo pafupi ndi ife pali sukulu ya sekondale yogonera konko, dzina sinditchula sindikufuna milandu ndi a hedi. Kuseri kwa mahositelo kuli madamu atatu komwe zonse za m'zimbudzi zamadzi, m'mabafa ndi kukhitchini zimakathera. Damu lomaliza lili ndi paipi yotulutsa madzi mu ngalande, ngalandeyo nkudzathira mu kamtsinje komwe ife timachapa, kumwetsa ng'ombe ndi mbuzi, ndipo kumunsi kwake anthu ali ndi madimba a mpiru, repu ndi tomato.

Nthawi ya dzinja palibe amadandaula chifukwa madzi amakhala ambiri zonse zimangokokoloka. Koma kuyambira Seputembala mpaka mvula idzagwe, kumtunda kwa paipi kumauma nkungotsala timadzi tapansi pa mchenga, ndiye zomwe zimayenda kumunsi ndi madzi a kusukulu okhaokha basi. Chaka chino zanyanya. Madziwo akutuluka otuwa, masiku ena ofiirira, fungo la mazira owola likumafika mpaka pamsika kukamada, miyala ya mumtsinje yamera zinthu zoterera zotuwa ndipo timatemba tomwe ana ankawedza sitikuonekanso, kwangotsala milamba. Mjigo wathu ukafa, ndipo umafa kawirikawiri, amayi amakafukula mchenga m'mbali mwa kamtsinje komweko nkumatunga akumwa.

Ndiye ndikufunsa, kodi nzololedwa kuti madzi a suweji azithira mumtsinje choncho kapena pali chomwe chaonongeka kumadamuko? Madzi ofukula mumchengawo tikathira Waterguard akwanira? Nanga masamba a m'madimbawo tizidya? Ndipo munthu ungakadandaule kuti poti amfumu anapitako kukayankhula anangouzidwa kuti ndalama kulibe.

Pulambala_Wakale

Achemwali Nachisale, ine ndinagwira ntchito yosamala madamu ngati amenewo kwa nthawi ndithu, ndiye ndiyankha mwakuya pang'ono mundipirire.

Choyamba kuti madzi otuluka m'madamu athire mumtsinje sichachilendo ayi. Ku Lilongwe madamu a ku Kauma, omwe anamangidwa ndi thandizo la Japan m'ma 1990, madzi ake amakathira mu mtsinje wa Lilongwe. Suweji ya tauni ya Zomba ili ku Chikanda ndipo imathira mu Likangala. Madzi ayenera apite penapake. Nkhani ndi yakuti akutuluka ali otani.

Madamu atatuwo aliyense ali ndi ntchito yake. Loyamba limakhala lakuya, mamita 2 mpaka 5, ndipo ntchito yake ndi kudikha. Zolemera zonse zimamira pansi nkumaola popanda mpweya, madzi amakhalamo masiku ochepa chabe. Lachiwiri ndi lalikulu koma losaya, mita imodzi kapena awiri, mmenemo mumamera ndere, ndipo nderezo dzuwa likawala zimatulutsa okosijeni amene mabakiteriya amagwiritsa ntchito pomaliza kudya zonyansa zosungunuka zija. Madzi amayenera kukhalamo masabata. Lachitatu ndi losaya kwambiri, pafupifupi mita imodzi, kuti dzuwa lilowe mpaka pansi nkupha tizilombo toyambitsa matenda. Palibe injini, palibe magetsi, palibe mankhwala, ndi dzuwa ndi nthawi basi, nchifukwa chake kumudzi amakonda kumanga zimenezi ndipo kunena zoona m'dziko lotentha ngati lathu lino ndi njira yabwino kwambiri ikamasamalidwa.

Ndiye mukaona madzi otuluka ali obiriwira musadabwe, ubiriwiriwo ndi ndere ndipo ndi chizindikiro choti damu lili moyo. Koma zomwe mwanena inuzo, kutuwa, kufiira, fungo la mazira owola, damu limenelo lalemedwa. Mtundu wofiirawo umabwera ndi mabakiteriya ena amene amakonda salufa, amachuluka ndere zikafa okosijeni akatha. Zoterera zotuwa pamiyalazo nazonso ndi mabakiteriya, zimamera pomwe madzi akubwera ndi zakudya zambiri zomwe sizinaole.

Chimene chimapha madamu a pasukulu ndi ziwiri ndipo ndikhoza kubetcha kuti kwanuko zonse zilipo. Sukulu anaimanga ya ana ochepa, kenaka anawonjezera mahositelo, ana nkuchuluka kawiri kapena katatu koma madamu ndi omwewo. Chachiwiri matope. Damu loyamba lija limayenera kukapidwa matope akafika gawo limodzi mwa magawo atatu kapena theka, nthawi zambiri pakatha zaka 2 mpaka 5, koma malo ambiri chimangireni sanakapepo. Tangoganizani mbiya yomwe mwadzaza mchenga mpaka m'khosi, mukathiramo madzi akhala pati, angosefukira pompo. Ndi zomwe zimachitika, madzi amene amayenera kukhala masabata amadutsa tsiku limodzi kapena awiri, amadzipangira kanjira pamwamba pa matope kuchokera paipi yolowera kukafika yotulukira.

Kuwonjezera apo pamakhala timavuto tina tooneka ting'onoting'ono. Sefa ya zitsulo ya polowera ija ikabedwa kapena ikachita dzimbiri, mapepala a pulasitiki, masanza, mapadi, zisononkho za chimanga zonse zimalowa. Mafuta a kukhitchini amayandama nkutseka pamwamba dzuwa osalowa. Udzu ndi bango zikamera m'mbali mpaka kulowa m'madzi ndiye udzudzu mwauitana. Mitengo ikaphimba damu ndi mthunzi ndere sizikula.

Za nsomba zija, okosijeni mumtsinje amatsika kwambiri m'bandakucha chifukwa usiku wonse ndere sizipanga mpweya koma chilichonse chikupuma, ndiye mukafuna kuona ngati nsomba zikuvutika pitani m'mamawa musanapite kumunda, muzipeza zikuyasama pamwamba. Mlamba umatha kupuma mpweya wakunja nchifukwa chake watsala wokha. Muli amoniyanso m'madzi amenewo wochokera ku mikodzo, nsomba zing'onozing'ono sizipirira.

Ngati mungathe pitani mukaone damu loyambalo ndi maso. Mukaona zilumba za matope zatulukira pamwamba mpaka udzu kumera, akakowa kumayenda pamenepo, yankho mwalipeza.

CheDimba

Ine ndiyankhuleko mbali ya ife a madimba chifukwa nkhani zoterezi zikayamba amene amaphwetekeka ndi ife. Sindili kwanuko mayi koma kwathu zilinso chimodzimodzi, madzi otuluka m'madamu ndi amene timathirira chilimwe chonse. Okutobala dzuwa likuswa mtengo mitsinje ina yonse gwa, kathu kokha kakuyenda, ndipo mpiru wake masamba ake mpaka kudabwa, feteleza sitigula. Thumba la feteleza mmene lakwereramu mukuganiza munthu wa dimba la mabedi khumi angalikwanitse? Fizi ya ana, sopo, mchere zikuchokera pamenepo.

Ndiye mukapita kukadandaula ku boma mudziwe kuti chimene amathamangira iwo ndi kubwera kudzatiletsa kulima, mwinanso kutizulira mbewu, paipi nkuisiya ikutulutsabe zomwezo. Ndinazionapo. Kapena anena kuti tsekani paipi madzi asamatuluke, ndiye kamtsinje kauma madimba afa, ndipo zonyansazo zipita kuti, zidzasefukira pamwamba pa khoma mvula yoyamba.

Ine sindikukana kuti madzi akafika ponunkha choncho ndi oipa, ngakhale mbewu zimapsa, tomato amayoyoka maluwa, masamba kuchita chikasu m'mbali, ndipo miyendo imayabwa ukaimamo ndi kheni. Ife timafuna madzi obiriwira aja a Pulambala anenawo. Amenewo ndi chuma. Koma tisayambe kuopseza anthu kuti masamba a m'dimba asadye, kodi a m'tauni amene amagula kumsika amadziwa kuti repu wawo wathiriridwa ndi madzi ati? Mphika umapha zonse.

MlangiziZaumoyo

Che Dimba, pa mphika paja mwalondola theka. Masamba ophika bwino, owira ndithu, vuto lake ndi lochepa. Koma tomato ndi anyezi anthu amadula zosaphika kuika pa chipisi ndi pa kanyenya, kabichi wa saladi chimodzimodzi, ana amathyola tomato m'dimba momwemo nkuluma. Komanso ogulitsa amatsuka ndi kuwaza masamba ndi madzi a mumtsinje omwewo kuti asafote, ndiye mpeni, manja, beseni zonse zakhudza. Ndipo amene ali pachiopsezo choyamba ndi inuyo amene mukuima m'madzimo opanda nsapato.

Mazira a njoka za m'mimba ndi olimba zedi, amakhala miyezi m'dothi ndi m'matope osafa. Madamu akamagwira bwino ntchito mazirawo amamira nkutsala pansi, nchifukwa chake a WHO mu 1989 anaika muyezo woti madzi othirira mbewu zodya zosaphika asapitirire dzira limodzi pa lita, ndipo mabakiteriya a m'chimbudzi asapitirire 1,000 pa mamililita 100, ndipo madamu abwino amafikapo pamenepo. Koma madzi akamangodutsa ngati mmene a Pulambala afotokozera, zonse zikutuluka zamoyo. Likodzo nalo, mwana mmodzi wodwala akakodza kapena kuchita chimbudzi mazira nkufika pamadzi odekha pomwe pali nkhono, basi mudzi wonse wosamba pamenepo uli m'mavuto, ndipo dera lozungulira Chilwa likodzo ndi lakale kale.

A Nachisale, funso lanu la madzi ofukula mumchenga ndi limene landidetsa nkhawa kuposa onse. Mchenga umasefa zinyalala madzi nkuoneka oyera koma ngati dzenjelo lili mikono iwiri itatu kuchokera pomwe pakuyenda suweji, ndi madzi omwewo. Ngati palibiretu kochitira, akafukule kumtunda kwa paipi, kutali ndithu, osati kumunsi. Akafika nawo kunyumba awasiye adikhe, asefe ndi nsalu yoyera, kenaka athire Waterguard kapena kolorini wosungunula amene timagawa uja mwa muyezo wake nkudikira mphindi 30. Kolorini m'madzi a matope sagwira bwino, amathera pa zinyalalazo. Kuwiritsa mpaka abwadamuke ndiye kotsimikizika ngakhale nkhuni zikuvuta. Ndipo chosungira chikhale chotseka, osati aliyense kumaviika kapu ndi dzanja lomwe.

Tisaiwale msanga. Kolera inayamba ku Machinga mu Malichi 2022, oyandikana nafe omwewa, itatha mvula ya namondwe wotchedwa Ana, inafalikira maboma onse, anthu oposa 1,700 anamwalira, mpaka sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Chimene chinadabwitsa ambiri ndi chakuti inapitirira ngakhale m'chilimwe pomwe tinazolowera kuti kolera ndi ya dzinja. Pasukulu yogonera ana amachokera maboma osiyanasiyana, mmodzi akabwera nako kachilombo, ndipo ambiri amakhala nako osadwala nkomwe, kakalowa m'damu losagwira ntchito mawa lake kali pa dooko lanu.

Langizo langa uzani HSA, mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu, alembe mu lipoti lake, makamaka ngati ana akutsegula m'mimba pafupipafupi m'midzi ya kumunsi kwa paipi kuposa ya kumtunda. Zolembedwa m'buku la kuchipatala zimamveka kuposa kudandaula kwa pakamwa. Ndipo komiti ya mjigo ikonze mjigowo, anthu asonkhe, imeneyo ndiye yachangu kuposa kudikira madamu.

Mjomba_kuJoni

Kkkkk Che Dimba akuti ndi chuma. Mjomba chuma chake chonunkha mpaka pamsika? Koma pa mfundo yoti amathamangira kuletsa wosauka paipi nkuisiya, pamenepo ndagwirizana nanu. Ndipo musaganize kuti ndi za ku Malawi kokha, kuno ku Joni ndi ndalama zonsezi mtsinje wa Vaal wakhala ukulandira suweji yosatsuka kwa zaka, ndipo ku Hammanskraal kumpoto kwa Pretoria kolera inapha anthu mu 2023, dera lomwe madzi ake anthu anakhala akudandaula kalekale. Kuno zawo ndi zamakina, mapampu, magetsi akathima kapena mawaya akabedwa zonse zaima. Bola madamu anuwo safuna magetsi, akungofuna anthu ndi mafosholo.

Chilwa_Boy

Ndiwonjezereko za komwe madziwo akupita chifukwa tikungoyang'ana pa dooko pokha. Timitsinje tonse ta mbali imeneyo timathera mu Likangala, Thondwe, Domasi kapena molunjika m'madambo a Chilwa, ndipo Chilwa ilibe potulukira. Chilichonse cholowa chimakhala momwemo, madzi amangouma ndi dzuwa. Nyanja yake ndi yosaya, inaphwa mu 1995, inadzaphwanso pafupifupi yonse mu 2018. Nayitirojeni ndi fosiforasi amene akunenepetsa mpiru wa Che Dimba yemweyo akafika pamadzi oima amanenepetsa ndere ndi zomera zoyandama. Amene munaona namasupuni pa Shire ku Liwonde, mmene amavutira kuchotsa pa baraji paja kuti asakatseke makina a magetsi ku Nkula, mukudziwa chimene zomera zikapeza chakudya zimachita. Ndere zina zobiriwira mopita ku buluu zimakhala ndi poizoni woti ng'ombe ikamwa ambiri imatha kufa, ndiye a ziweto akaona madzi oima achita chikanga chobiriwira pamwamba asamwetsepo.

Kasukulu kamodzi sikangaphe Chilwa, zoona, ndipo njedza ndi bango za m'madambo zimasefa zambiri madzi asanafike panyanja. Koma kasukulu aka, kachipatala ako, msika uwo, tauni ya Zomba, feteleza wa m'minda, zonse zikulowera kumodzi. Kumunsiko kuli sikimu ya mpunga ya Likangala, kuli asodzi okhala pa zimbowera, timisasa toyandama panyanja, amene amamwa madzi a panyanja pomwepo, mpaka mu 2016 anachita kuwapititsira katemera wa kolera wakumwa. Chilwa inalowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika padziko lonse, mu 1997 chifukwa cha mbalame ndi madambo ake koma zimenezo sizitsuka madzi.

Pa za malamulo achemwali, zilipo. Lamulo la zamadzi la 2013 ndi limene linakhazikitsa National Water Resources Authority, ndipo aliyense wotayira madzi oipa mumtsinje amayenera kukhala ndi chilolezo chochokera kumeneko, chokhala ndi malire a mmene madziwo akhalire. Lamulo la zachilengedwe la 2017 linabweretsa MEPA, bungwe loteteza zachilengedwe, iwowa ali ndi mphamvu yolamula kuti malo akonzedwe. A Malawi Bureau of Standards ali ndi miyezo ya madzi otayidwa mumitsinje. Kukhala sukulu sikuchotsa udindo umenewu.

Koma musayambire ku Lilongwe. Yambani ndi VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, nkhani ilowe mu maminitsi, ipite ku ADC, ya chitukuko ya dera lonse, kenaka kalata kwa a DC yokopera ofesala wa zachilengedwe, wa zamadzi ndi wa zaumoyo pa khonsolo. Kalatayo isainidwe ndi amfumu ndi komiti, musunge kope lodindidwa. Jambulani zithunzi pa paipi ndi kumtunda kwake tsiku limodzi kuti kusiyana kuoneke. Mupemphe kuti adzatenge masampulo malo atatu, kumtunda, pa paipi penipeni ndi kumunsi komwe anthu amatunga, ndipo adzatenge pano chilimwe chino. Akadzabwera Febuluwale mtsinje utadzadza zotsatira zidzaoneka bwino nkukuuzani kuti palibe vuto.

Nachisale_wakumudzi

Zikomo nonse, ndaphunzira zambiri. A Pulambala ndinatuma mchimwene wanga amene amadziwana ndi mlonda, akuti damu loyambalo theka lake ndi chilumba, pamera mpaka nsenjere ndi mapapaya, madzi akungoyenda kangalande m'mbali. Mpanda unagwa kale mbuzi zimalowa. Mlondayo akuti chiyambireni ntchito sanaonepo akukapa.

Che Dimba musadandaule, amayi anga enieni ali ndi dimba komweko, sindingapite kukawaotcha. Funso langa tsopano ndi lakuti poti a sukulu akuti ndalama kulibe, kukapa kumeneku nkofuna makina a mamiliyoni kapena anthu wamba angathe? Chifukwa makolo pa PTA amasonkha za mpanda ndi zina, mwina tikapita ndi pulani osati madandaulo okha angatimvere. Ndipo matopewo akachotsa angathiridwe kumunda?

Pulambala_Wakale

Angathe anthu wamba, ndipo damu laling'ono la pasukulu nthawi zambiri ndi mmene timachitira, mafosholo ndi mawilibala. Galimoto yopopa ija imathandiza pa matope amadzimadzi koma zouma zomera nsenjerezo siingakoke, ndipo kuibweretsa kuchokera kutauni maulendo ambirimbiri ndiye kumene kumathera ndalama.

Nthawi yabwino ndi holide yaitali ya Ogasiti ana atapita kwawo, madzi olowa ndi ochepa, mvula kulibe. Chaka chino mwaphonya koma osadikira chaka chamawa osachita kanthu, kutchetcha, kuzula zomera pachilumbapo, kuchotsa zoyandama, kubwezeretsa sefa ya polowera ndi kukonza kathanki kotchinga mafuta kukhitchini zimenezo ndi za sabata ino. Sefa wowotcherera aliyense wa pamsika akhoza kupanga ndi zitsulo za lingi. Pokapa penipeni, madzi olowa amawakhotetsa kuti apite damu lachiwiri kwa kanthawi, pulambala ayang'ane ngati paipi yolambalala ilipo, madamu ambiri amakhala nayo koma inakwiririka. Kenaka madzi a pamwamba m'damu loyamba amawapopera m'lachiwiri, osati mumtsinje chonde, nkusiya matope aume masabata angapo mpaka ang'ambike. Pofukula asamale pansi, pamakhala dongo lotsendera kapena simenti yotchinga kuti madzi asalowe m'nthaka, mukaboola ndi piki ndiye mwaononga zitsime za pafupi. Ndipo musakokolole zonse mbee, siyani pang'ono pansi kuti mabakiteriya ayambirenso msanga.

Ogwira ntchitoyo akhale akuluakulu olipidwa, osati ana a sukulu pa chibalo, ndanena dala chifukwa ndikudziwa mmene timaganizira. Magambutsi, magolovesi, sopo ndi madzi pompo, osadyera pamalopo, ndipo akamaliza a zaumoyo awapatse mankhwala a njoka. Munthu asalowe m'manihoo yekha, mpweya wa mmenemo umagwetsa munthu osakuwa nkomwe.

Matopewo inde ndi manyowa koma osati lero. Mazira a njoka onse amene anamira zaka zonsezi ali mmenemo. Awunjikeni pamalo okwera kutali ndi mtsinje, mkati mwa mpanda, pozungulira pakhale kamzere koti mvula isawakokolole, akhale chaka chathunthu kapena kuposa. Akatero muyambe kuthira ku mitengo, nthochi kapena chimanga nkukwirira, osati pa bedi la mpiru.

Chinanso chimene chingathandize inu ndi Che Dimba nonse, ngalande yochokera pa paipi ija isamathire mumtsinje molunjika. Ngati malo alipo, itambasuleni ikhale kadambo kosaya kodzala bango, njedza kapena vetiva, madzi aziyenda pang'onopang'ono m'mizu asanafike kumtsinje, zomerazo zimadya nayitirojeni wambiri, muzingodula zikakula. A madimba azitunga kumapeto kwa kadamboko, azithirira pansi pa tsinde osati kuwaza pamasamba, ndipo asiye kuthirira ndi madzi amenewa masiku angapo asanathyole.

Koma ndikuuzenitu, ngati ana anachuluka kawiri kuposa mmene anapangira madamuwo, kukapa kuchepetsa fungo ndi kubweza ubiriwiri koma sikukwanira, pafunika damu lina lowonjezera, ndipo imeneyo ndi ya eni sukulu ndi khonsolo osati PTA. Pa msonkhanopo mufunse mapulani oyambirira a madamuwo, pamalembedwa chiwerengero cha anthu amene anawerengera, muyerekeze ndi rejisitala ya chaka chino kuphatikiza nyumba za aphunzitsi zomwe analumikiza pambuyo pake.

CheDimba

Za kadambo ka bangozo ndazikonda, kwathu ndikazinena pa komiti ya madimba. Koma kuthirira pansi pa tsinde ndi kheni mabedi onse aja a Pulambala msana wake mudzatibwereka? Kkkk. Tiyesa kuchotsa chisefa cha kukamwa kwa kheni tizithira m'mizere. A Nachisale pa msonkhano wa PTA mukatenge awiri atatu a madimba akakhalepo, tsiku lokhotetsa madzi lija atiuziretu chifukwa sabata zimenezo madzi otuluka adzakhala oipa kuposa pano, tisadzakhale titangowokera kumene mbande.